Kuona maso a nkhono n'kudekha, nanga wopanda nthawi atani?

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu ngwoona, koma adaupeka anthu amene adali ndi nthawi yokhala pansi pa mtengo n'kumadikira kuti nkhono itulutse tinyanga take. Nanga inu amene mumatsekula okala 6 koloko m'mawa n'kutseka dzuwa litalowa? Nanga mwana wa sukulu amene mayeso ali pakhomo, Loweruka lomwe amaliyembekeza n'kukhala lochapa ndi kusita? Amenewa maso a nkhono asadzawaone mpaka kalekale?

Ndikufunsa chonchi chifukwa alipo anzathu m'matauni muno amene ayamba kuloza makamera ndi mafoni awo pa tinthu ting'onoting'ono: njuchi ili pa duwa la dzungu, diso la chiwala, dontho la mame pa tsamba, ngakhale nankafumbwe amene wapezeka m'thumba la chimanga. Kajambulidwe kameneka eni ake amakatcha macro, ndipo nanenso ndili m'gulu lomweli.

Mukafunsa akatswiri, langizo lawo ndi limodzi. Ati gulani tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu chija, pakuti mphika ukakhala pa mafuwa atatu sugwedera. Sakunama ayi. Koma ine ndikuti kwa munthu wotanganidwa, kugwira kamera pamanja ndiye njira, bola adziwiretu mtengo wake. Inu ochita malonda mukudziwa kuti pamsika palibe chaulere. Pa macro ndi chimodzimodzi: chilichonse chimene mwapeza mwalipira ndi china. Nkhani yagona pa kunenerera bwino.

Tiyambe ndi chimene chimavuta. Macro yeniyeni ndi imene amailemba kuti 1:1. Apa ndiye kuti kanthu kamene mukujambula kakugwa pa sensor, kachipangizo kolandira kuwala kamene kadalowa m'malo mwa filimu, kukula kwake kuli chimodzimodzi ndi momwe kalili pamoyo. Sensor ya makamera akuluakulu ndi mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, ndendende ndi chithunzi chimodzi cha pa filimu ija anthu ankapita nayo ku situdiyo kukatsukitsa. Choncho chiwala cha masentimita atatu ndi theka chimadzaza chithunzi chonse, kuchokera uku kufika uku.

Kukoma kwake ndi kumeneko, ndipo vuto lake lilinso pomwepo. Mukamajambula gulu la anthu paukwati, amene ali kutsogolo ndi amene ali mzere wachitatu onse amaoneka bwino. Koma mukamayandikira chinthu, kampata kamene kamaoneka bwino kamanka kachepa. Mukafika pa 1:1, kabowo ka lenzi mutakaika pa f/8, kampatako ndi pafupifupi milimita imodzi basi. Kachindikala pang'ono chabe kuposa khadi la ku banki. Nankafumbwe ndi wa mamilimita atatu kapena anayi. Akakuyang'anani, mutu uoneka bwino, koma msana wonse uli mwachimbuuzi.

Tsono taimani chilili, abale, mugwire kamera, muone ngati mungakhale duu osasuntha ndi milimita imodzi yomwe. Sizitheka. Mukupuma, mtima ukugunda, miyendo ikusinthana katundu. Pamene chala chikudina batani, kampata kaja kachoka pa diso la kachilombo kafika pa mwendo.

Wina anena kuti ndiye tichepetse kabowo ka lenzi, poti kabowo kakachepa kampata kooneka bwino kamakula. Zoona. Pa f/16 mupeza mamilimita awiri. Koma kuchoka pa f/8 kufika pa f/16 kuwala kolowa m'kamera kwatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Komanso dziwani kuti kungofika pa 1:1 kokhako, lenzi imakhala itakudyerani kale kuwala mpaka kutsala gawo limodzi mwa anayi. Mukaphatikiza ziwirizi mwatsala ndi gawo limodzi mwa magawo 16. Masana dzuwa likuswa mtengo, koma m'kamera mwanu kwayamba kuda.

Kuwala kukachepa, kachitseko ka kamera, kamene pachizungu amati shutter, kayenera kukhala kotsekula nthawi yotalikirapo, ndipo kunjenjemera kwa manja konse kumalowa m'chithunzi. Mukati mukweze ISO kuti kamera ikhutire ndi kuwala kochepako, chithunzi chimabwera ndi timchenga. Mukati muchepetsebe kabowo mpaka f/22 kapena kupitirira, kuwala kumamwazika podutsa pa kabowo kothina, ndipo chithunzi chonse chimafooka ngakhale pamene pamayenera kuoneka bwino. Paja walira mvula walira matope. Kulikonse kumene mungathawire, wokhometsa msonkho mumupeza ali chilili.

Ndiye munthu wogwira pamanja anenerere bwanji? Ndikuuzani momwe ndimachitira ine, ndi mtengo wa njira iliyonse.

Choyamba, ndipo ichi nchotchipa kuposa zonse, bwererani m'mbuyo pang'ono. Sikuti chithunzi chilichonse chiyenera kukhala 1:1. Pa 1:2, kabowo kali pa f/8 pomwe paja, kampata kooneka bwino kamafika pafupifupi mamilimita atatu. Pa 1:4 kamayandikira sentimita yathunthu. Kuwala nakonso kumabwerera. Mwataya chiyani? Mwataya tiubweya tija timamera pa diso la njuchi. Mwapeza chiyani? Njuchi yonse, mungu uli ku miyendo, ndi duwa limene yatera. Kunena mosapsatira, anthu ambiri amene mudzawaonetse adzakondwera ndi chachiwirichi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada: wofuna diso la njuchi ndi phiko lomwe pa chithunzi chimodzi, ali pamanja, abwerera kunyumba wopanda chilichonse.

Chachiwiri ndi fulashi. Ambiri amaganiza kuti fulashi ndi ya usiku kapena ya m'holo ya ukwati. Pa macro, fulashi ndiye tripod ya munthu wofulumira. Kuphethira kwake kumatenga gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo mukaichepetsa mphamvu kumafupika kuposa apo. M'kanthawi kameneko dzanja lanu silidasunthe, kachilombo sikadasunthe, tsamba silidagwedere. Ine ndimayambira pa 1/200, f/11 ndi ISO 200, kenako n'kumasintha mphamvu ya fulashi malinga ndi momwe chithunzi choyamba chatulukira.

Mtengo wake ulipo. Fulashi yosaphimba imathira kuwala kokalipa, ndipo msana wonyezimira wa kachilombo umangoti mbee ngati lata latsopano. Kumbuyo kumada bii, chithunzi cha masana n'kumaoneka ngati chausiku. Mabatire nawo amafuna ndalama. Vuto loyambalo mankhwala ake ali m'nyumba mwanu momwemo: pepala loyera, kapena chidutswa cha chigubu choyera cha pulasitiki, muchiike pakati pa fulashi ndi kachilombo, kufupi ndi kachilomboko. Kuwala kumafewa ngati tsiku la mitambo. Za mdima wa kumbuyo, sankhani poima pamene kuseri kwa kachilombo kuli tsamba lina pafupi, kuti nalonso lilandireko kuwala. Anthu okuonani adzaseka ndithu kuti kamera yavala chipewa cha chigubu. Asiyeni aseke.

Chachitatu ndi thupi lanu lomwe. Zigongono zikhale zopanikiza nthiti. Ngati pali khoma, mtengo kapena bondo, tsamirani. Musavutike ndi kupotokola lenzi kuti mupeze poonekera bwino. Ikani lenzi pa mlingo umene mukufuna, kenako inuyo muziyenda ngati bilimankhwe, kutsogolo pang'ono, m'mbuyo pang'ono, ndipo diso la kachilombo likangoti laoneka bwino, dinani. Kamera ikhale pojambula motsatizana, zithunzi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi nthawi imodzi, kuti mwa zimenezo chimodzi chigwere pamalo. Nsungwi yaitali ngati ndodo ya m'busa imathandizanso: igwireni pamodzi ndi kamera, kunsi kuli pansi, ndipo mwapeza mwendo wachitatu umene sufuna kumasula zomangira.

Pali kaluso kena kamene ndimakakonda kwambiri. Dzanja lamanzere ligwire kanthambi kamene kachilombo katera, ndipo lenzi muitsamiritse pa dzanja lomwelo. Mukanjenjemera, kamera ndi kanthambi zinjenjemera limodzi, ndiye kwa kamera palibe chasuntha. Mphepo nayo yagonja. Ndipo ngati n'kotheka, kachilombo muzikajambula cham'mbali, thupi lonse lili mopingasa, kuti mutu ndi mchira zilowe m'kampata kochepa kaja. Koma kalusoka si ka pa mavu ayi, achimwene. Amenewo ajambuleni muli patali.

Ena adalira makina oletsa kugwedezeka amene amaikidwa m'malenzi ndi m'makamera. Amathandiza, koma mphamvu yake imachepa mukamayandikira. M'chaka cha 2009 kampani ya Canon idatulutsa lenzi ya macro ya mamilimita 100 yokhala ndi makina otere, opangidwira ntchito yomweyi. Eni akewo adanena okha kuti thandizo la masitepe anayi limene lenziyo imapereka pojambula zakutali limatsika kufika pa awiri mukafika pa 1:1. Ndipo makinawa amalimbana ndi kugwedera kwa m'mbali ndi kwa m'mwamba. Kuwerama kwanu kopita kutsogolo ndi m'mbuyo, kumene kumachotsa diso la kachilombo m'kampata kaja, sakukhudza n'komwe. Choncho wophunzira asagulitse buku ndi nsapato pofuna lenzi yodula poganiza kuti manja asiya kunjenjemera.

Kunena za ndalama, lenzi ya macro yatsopano ikhoza kumeza mpamba wa okala yonse. Amene ali kale ndi kamera yosintha malenzi angayambe ndi timphete topanda galasi tokhala pakati pa kamera ndi lenzi, totchedwa extension tube. Lenzi wamba ya mamilimita 50 mukaitalikitsa ndi timphete ta mamilimita 50 imafika pa 1:1. Mtengo wobisika ndi wakuti timphete tikakhalapo simungajambule zakutali, ndiye gulugufe akauluka n'kukatera uko, kapena mwana akachita zoseketsa, muyenera kuyamba mwamasula.

Tibwere ku nkhani ya nthawi, chifukwa apa mpamene pagona mkangano wonse. Kuno kwathu dzuwa silidikira munthu woweruka. M'mwezi wa June ku Lilongwe limalowa isanakwane 5:30 madzulo, ndipo ngakhale m'December silipitirira kwenikweni 6 koloko. Wotseka okala kapena wotuluka m'kalasi 5 koloko ali ndi mphindi zowerengeka. Nthawi yabwino ndi m'mamawa. Tizilombo timadalira kutentha kwa kunja kuti tichangamuke, ndiye kukamacha timakhala tili phee pa udzu, mame ali thupi lonse, mphepo isadayambe. Tombolombo amene masana simungamuyandikire, m'mawa wa chisanu amakulolani kufika pamphuno. Koma nthawi imeneyi ndi yomwenso mukufuna kusamba ndi kuthamangira minibasi. Muli ndi mphindi 15, mwina 20.

Taganizani kuti m'mphindi zimenezo mukutambasula tripod. Mwendo uwu wafupika, uwu watalika, wachitatu wagunda chitsamba ndipo chiswamphika mumamufuna uja wagwa pansi. Mwakonza zonse, mwapeza kuti kamera iyenera kusuntha ndi chala chimodzi chokha, n'kuyambiranso. Pamanja, m'mphindi zomwezo ndimakhala nditazungulira mpanda wonse, ndajambula kangaude, nunkhadala ndi nyerere zitanyamula phiko la ngumbi. Tripod yambiri imathera kuseri kwa chitseko limodzi ndi ambulera yothyoka, chifukwa mwini wake akudikira tsiku limene adzakhale ndi mpata, ndipo tsikulo silifika.

Koma ndisakunamizeni kuti nthawi mwaipulumutsa yonse. Mwangoisamutsa. Kwa ine, pa zithunzi 100 zojambula pamanja, zosunga zimakhala zisanu, tsiku labwino khumi. Zotsalazo muyenera kuziona chimodzichimodzi, kuzikulitsa, n'kuzifufuta. M'masiku a filimu ya zithunzi 36 kajambulidwe kotere kadali kosaukitsa, ndipo n'chifukwa chake akatswiri akale adaumirira tripod. Lero kudina n'kwaulere, koma mumalipira madzulo. Ubwino wake ngwakuti ntchito yosankhayi siifuna dzuwa. Mutha kuigwira m'minibasi, pamzere wa ku banki, kapena pamene makasitomala achepa. Mphindi za m'mawa ndi zodula, za pamzere ndi zotchipa. Wamalonda aliyense aona yekha phindu la kusinthana kotere.

Ziliponso zithunzi zimene manja sangazikwanitse, ndipo ndi bwino kuzidziwa kuti musamadzione ngati wolephera. M'chaka cha 2016 ku Oxford University Museum of Natural History, ku England, kudali chionetsero chotchedwa Microsculpture cha wojambula Levon Biss. Tizilombo tidaoneka tatikulu kuposa munthu, chiwalo chilichonse chili poyera. Chithunzi chimodzi chidapangidwa polumikiza zithunzi zoposa 8,000, kamera ikusuntha gawo limodzi mwa magawo 100 a milimita pakati pa chithunzi ndi chinzake, ndipo ntchito yake inkatenga masabata. Tizilomboto tidali takufa, tosungidwa m'nyumba yoonetsera zinthuyo. Njira yolumikiza zithunzi imeneyi idafika m'makamera wamba: mu 2015 kampani ya Olympus idaiika m'kamera yake ya E-M1 kuti izilumikiza yokha zithunzi zisanu ndi zitatu. Komabe imafuna kuti chojambulidwacho chikhale chete. Njuchi ya pa duwa la dzungu siidziwa zimenezo.

Choncho lamulo langa ndi lapafupi. Chinthu chamoyo, choyenda, cha panja: pamanja. Chinthu chosayenda chimene mungalowe nacho m'nyumba: chikhazikeni, ndipo kamera nayo ikhazikeni. Inu ogulitsa ndolo, mphete, mikanda ndi mawotchi, ndi inu okonza mafoni amene mumafuna kuonetsa kasitomala pamene papsa, musavutike ndi kugwira pamanja. Ikani katunduyo pa pepala loyera pafupi ndi windo, foni muikhazike pa kapu kapena pa mulu wa mabuku, muitchere kuti ijambule pakatha masekondi atatu, dzanja muchotsepo. Kasitomala sagula chinthu chimene wachiona mwachimbuuzi. Chimodzimodzinso amene mwapeza mwayi wa tchuthi cha masiku angapo ku Nyika, kumene kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid amene ambiri amamasula nthawi ya dzinja, nyamulani tripod. Kumeneko nthawi muli nayo, ndipo duwa silithawa.

Ambiri a inu kamera yanu ndi foni, ndipo pa nkhani iyi foni ili ndi basela wake. Sensor yake ndi yaing'ono, ndiye pojambula chinthu chomwecho kampata kooneka bwino kamakhala kokulirapo kuposa pa kamera yaikulu. Mu 2021 iPhone 13 Pro idabwera ndi macro yotha kuona chinthu chili pa masentimita awiri. Koma chenjerani ndi mafoni otsika mtengo amene kumbuyo kwake kuli maso atatu kapena anayi, limodzi n'kulembedwa kuti macro. Kawirikawiri limenelo ndi la mamegapikiselo awiri okha, ndipo limaona bwino pa mtunda umodzi basi, cha m'ma masentimita anayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yesani nokha: jambulani ndi diso limenelo, mujambulenso ndi kamera yaikulu ya foniyo mutatalikira pang'ono, kenako mudule chithunzicho. Nthawi zambiri chachiwirichi chimapambana. Vuto lina la foni ndi lakuti pa masentimita awiri kapena anayi mthunzi wa foniyo umagwera pa chinthucho, ndipo kachilombo kamathawa. Tochi ya foni ya mnzanu, yophimba ndi pepala, iunikire cham'mbali.

Mwina wina akuti zonsezi ndi masewera a anthu okhuta. Ndikumbutseni za mbozi ya ntchemberezandonda imene idachokera ku America n'kuoneka koyamba ku West Africa kumayambiriro kwa 2016. Pofika December 2017 idali itasakaza chimanga kuno mpaka mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Peter Mutharika, adalengeza kuti m'maboma 20 mwa maboma 28 mwagwa tsoka. Mbozi imeneyi imasiyana ndi kapuchi ndi mbozi zina pa tizizindikiro tiwiri: pamutu pake pali chilembo cha Y chozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya za bokosi. Tizizindikiroti n'tating'ono, ndipo mboziyo imabisala m'kati mwa nsonga ya chimanga momwe mumatulukira masamba atsopano.

Ndani mwa ife wa m'tauni alibe kamunda, kaya kuseri kwa nyumba, kaya kumudzi kwa amayi? Munthu amene adazolowera kugwira foni mosanjenjemera, amene amadziwa kuti mbozi aijambule cham'mbali kenako pamutu, atha kutumizira alangizi a zaulimi chithunzi chomveka asadataye ndalama pa mankhwala. M'munda simupita ndi tripod. Mbozi ili pa tsamba, tsamba lili m'dzanja lamanzere, foni ili kumanja. Pamenepo chithunzi sichifunika kukongola, chingofunika Y uja aoneke. Ndipo potumiza pa WhatsApp, chitumizeni ngati document, chifukwa mukatumiza mwa masiku onse chimafinyidwa ndipo timadontho tija tikhoza kusowa. Wogula chimanga chambiri kuti asunge nayenso apindula ndi luso lomweli: kabowo ka nankafumbwe kamene diso lotopa silikaona, foni imakakulitsa ndalama zisadatuluke m'thumba.

Kwa ophunzira, makamaka a sayansi ya zamoyo, kuli iNaturalist, imene idayamba mu 2008. Mumaikapo chithunzi, tsiku ndi malo, ndipo odziwa amathandiza kutchula dzina la chamoyocho. Zimene zatsimikizika zimalowa m'nkhokwe imene asayansi a dziko lonse amagwiritsa ntchito. Kumenekonso safunsa ngati mudali ndi tripod. Amafuna aone mapiko, miyendo ndi mawanga. Gulugufe amene mwamujambula pa mpanda ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi popita ku sukulu akhoza kukhala umboni wakuti mtundu umenewo umapezeka kumeneko.

Ndiye mawu anga kwa anzanga otanganidwa ndi awa. Musadikire lenzi yodula, musadikire Loweruka lopanda zochita. Vomerani kuti zithunzi zambiri mudzafufuta, kuti kumbuyo nthawi zina kudzada, ndi kuti za Levon Biss simudzazifika. Posinthana ndi zimenezo mudzakhala ndi zithunzi za tinthu tamoyo, tili pa ntchito yake, tojambulidwa m'mphindi zimene madzi osamba akutentha. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi ndi mafulufute adzabwera okha pa getsi la pakhonde. Musanathamangire chiwaya, jambulaniko kaye ziwiri zitatu.